Kubwereketsa kapolo ndi kumugulitsa: zimene zikalata zakale za ku America zikuonetsa

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Pofufuza pa intaneti ndinapeza chithunzi cha chikalata cha ku Virginia cha m'zaka za m'ma 1850, momwe munthu wina akulonjeza kulipira mwini kapolo ndalama chifukwa chogwiritsa ntchito kapoloyo chaka chimodzi, n'kudzamubweza pa Khirisimasi atamuveka bwino. Kodi kapolo ankabwerekedwa ngati katundu? Zimenezi zinkasiyana bwanji ndi kumugulitsa, ndipo kodi sitinganene kuti wobwerekedwa anali ndi mwayi poyerekeza ndi wogulitsidwa? Ndikufunanso kudziwa ngati mchitidwewu unaliko kuno kwathu.

Yankho: Aphunzitsi, chikalata mwapezacho si chachilendo, ndipo zinzake zilipo zochuluka zedi m'mabokosi a makhoti a ku Virginia, Maryland, North Carolina ndi Kentucky, komanso m'mapepala a mabanja amene anali ndi akapolo. Kapolo ankabwereketsedwadi pa malipiro, ndipo malamulo a nthawiyo ankasiyanitsa bwino lomwe mchitidwewu ndi kugulitsa. Munthu akagulitsidwa, umwini wonse unkachoka kwa wogulitsa n'kupita kwa wogula mpaka kalekale, ndipo ngati anali mkazi, ana onse amene angadzabereke m'tsogolo ankakhala a wogulayo. Akabwereketsedwa, umwini unkatsala m'manja mwa mbuye wake, koma mphamvu yomulamula, yomugwiritsa ntchito ndi yomulanga inkapita kwa wobwereka kufikira tsiku limene agwirizana. Pa funso lanu la mwayi, ine ndikuona kuti mapepala a mitundu iwiriyi tikawawerengera pamodzi timapeza kuti anali malonda amodzi, chifukwa munthu yemweyo ankadutsa monsemo pa moyo wake, ndipo kawirikawiri wobwereketsedwa chaka chino ndiye ankagulitsidwa zaka zingapo zikadutsa.

Tiyambe ndi pepala lenilenilo. Chaka cha ntchito chinkayamba pa 1 Januwale, tsiku limene eni akapolo, obwereka ndi akapolo eniake ankasonkhana pabwalo la khoti kapena pakhomo pa nyumba ya alendo. Ena ankagwirizana mtengo paokha, koma ena ankaimika munthu pamalo okwera kuti ofuna kumutenga apikisane pa okushoni. Chimene chinkalembedwa chinali lonjezo la ngongole, popeza ndalamazo nthawi zambiri zinkaperekedwa chaka chikatha, ndipo n'chifukwa chake pansi pa zikalata zambiri zotere pamapezeka mayina awiri, la wobwereka ndi la munthu womuimira amene ankavomera kudzalipira mnzakeyo akalephera. Kenako pamabwera mawu a zovala, omwe kawirikawiri amatchula za nyengo yotentha, zochindikala za nyengo yozizira, nsapato, chipewa ndi bulangete. Mawu amenewa amasocheretsa ambiri poganiza kuti ndi chizindikiro cha chifundo, pamene mwini kapolo ankawalemba podziwa kuti akapanda kutero munthuyo abwerako ali wausiwa, ndipo ndalama zomuvekera zidzatuluka m'thumba mwake. Mapangano ena amanena amene adzalipire msonkho wa kapoloyo komanso dokotala akadwala, ndipo ena amaletsa kumupititsa kumgodi, kuntchito yomanga njanji kapena pamadzi. Chiletso choterocho chimatiuza mosabisa kumene anthu obwerekedwa ankafera.

Amene ankabwereketsa sanali eni minda ikuluikulu okha. Ambiri anali akazi amasiye amene analibe munda woti akapolowo azilima, komanso anthu osankhidwa ndi khoti kuyang'anira chuma cha ana amasiye. Woyang'anira wotere ankayenera kusunga chumacho mpaka anawo atakula, ndipo njira yachidule inali kubwereketsa akapolo chaka ndi chaka, ndalamazo n'kumalipirira anawo chakudya, zovala ndi sukulu. Ngakhale mipingo inali momwemo, ndipo chitsanzo chodziwika ndi mpingo wa Briery Presbyterian ku Virginia, umene unali ndi akapolo akeake n'kumawabwereketsa kuti upeze malipiro a mbusa. M'madera a ku Virginia ndi Maryland alimi ambiri anali atasiya fodya n'kuyamba tirigu, mbewu yosafuna manja ochuluka chaka chonse, motero eni akapolo anatsala ndi anthu amene ntchito yawo inachepa pamunda. Obwereka nawo anali amitundumitundu, kuyambira mlimi wosauka amene sakanakwanitsa kugula kapolo, mpaka mafakitale a fodya a mumzinda wa Richmond, migodi ya malasha, makampani okumba ngalande za maboti ndi omanga njanji. Fakitale ya zitsulo ya Tredegar ku Richmond komweko inkadalira akapolo ogula ndi obwereka omwe, ndipo antchito achizungu atanyanyala ntchito mu 1847 pokana kuti akapolo apatsidwe ntchito zaluso, mkulu wake Joseph Reid Anderson anawachotsa ntchito. Apa pali mfundo imene ana a sukulu ayenera kuimva bwino, yoti kubwereketsa kunalowetsa mu ukapolo azungu ambiri amene kalembera sankawawerenga ngati eni akapolo, moti phindu la ukapolo linafika m'makomo ambiri kuposa mmene chiwerengero cha eni akapolo chimaonetsera.

Boma lenileni la United States linali m'gulu la obwereka. M'zaka za m'ma 1790, akuluakulu oyang'anira ntchito yomanga mzinda wa Washington ankabwereka akapolo kwa eni ake a m'madera ozungulira pa mtengo wa pafupifupi madola 5 pa mwezi, ndipo anthuwo anaphwanya miyala, kucheka matabwa ndi kuumba njerwa za White House, nyumba ya pulezidenti, ndi Capitol, nyumba ya malamulo. Mapepala a malipiro a 1795 akutchula akalipentala Ben, Daniel ndi Peter, amene anali akapolo a James Hoban, katswiri yemwe anajambula pulani ya White House. Mayina awo anasungika chifukwa mlembi wa boma ankafunika kusonyeza kuti ndalama zapita kuti, ndipo wolandira ndalamazo anali Hoban.

Mtengo wobwerekera unkatsata mtengo wogulira. Mwamuna wamphamvu amene m'ma 1850 akanagulidwa ndi madola oposa 1,000 ankabwerekedwa pa madola oposa 100 pa chaka, ndipo waluso monga wosula zitsulo kapena kalipentala ankaposa pamenepo. Kwa mwini wake zimenezi zinali ngati chiwongoladzanja chimene chikubwera chaka chilichonse mpamba uli chikhalire. Koma mizere imene imanena zambiri m'mabuku a oyang'anira chuma cha masiye ndi ya anthu otsika mtengo. Mwana wamng'ono ankaperekedwa kwa munthu pongofuna chakudya ndi zovala basi, ndipo mayi wa ana ang'onoang'ono angapo, kapena nkhalamba yosatha ntchito, ankaperekedwa kwa amene wavomera kumusunga pa ndalama zochepa kuposa onse, kutanthauza kuti apa mwini ndiye ankalipira. Mwini ankalolera kutaya ndalama pa mayi woteroyo podziwa kuti ana aja akamakula mtengo wawo ukukwera, ndipo mukatsatira buku limodzi zaka khumi mumaona mwana amene poyamba analembedwa ngati chipsinjo akuyamba kubweretsa madola ochepa, kenako ambiri, mpaka tsiku logawa chuma pamene amamuika mtengo wogulitsira.

Tsopano tifike pa nkhani ya mwayi. Amene wabwereka ng'ombe yokoka ngolo kwa nyengo imodzi saganiza za msana wake wa chaka chamawa, ndipo eni akapolo ankadziwa kuti wobwereka munthu ali chimodzimodzi, chifukwa phindu lake linali kufinya ntchito yochuluka ndi chakudya chochepa chaka chisanathe. N'chifukwa chake makhoti a kummwera kwa United States anadzaza ndi milandu ya eni akapolo osumira obwereka chifukwa kapolo wafa, wapunduka kapena wathawa. Pa milandu yoteroyo wodandaula ndi mwini, chimene chikufunidwa ndi chipukutamisozi cha chuma chowonongeka, ndipo wovulalayo sankaloledwa kuchitira umboni wotsutsa mzungu. Makampani a inshulansi anaona mpata pomwepo. Kampani ya Nautilus, imene pambuyo pake inadzatchedwa New York Life, inagulitsa mapepala a inshulansi 508 a miyoyo ya akapolo pakati pa 1846 ndi 1848, ndipo ambiri mwa anthuwo ankagwira ntchito zoopsa monga za m'migodi ndi m'sitima za pamtsinje. Munthu akafa, wolandira ndalama anali mbuye wake osati mkazi kapena ana ake.

Mlandu umene umayankha funso lanu mosapita m'mbali ndi wa State v. Mann, umene unagamulidwa ndi khoti lalikulu la North Carolina mu 1829. John Mann wa ku Edenton anabwereka mayi wina dzina lake Lydia, amene anali kapolo wa mtsikana wamasiye Elizabeth Jones. Tsiku lina akumukwapula, Lydia anathawa, ndipo Mann anamuombera ndi mfuti n'kumuvulaza. Khoti laling'ono, momwe oweruza anali azungu okhaokha a m'deralo, linamupeza wolakwa n'kumulipiritsa chindapusa chochepa, poona kuti chilangocho chinapyola muyeso komanso kuti iye sanali mwini wake. Mann atachita apilo, woweruza Thomas Ruffin anachotsa chigamulocho ponena kuti wobwereka ali ndi mphamvu zofanana ndi za mwini pa nthawi yonse ya pangano, ndipo kuti mphamvu ya mbuye iyenera kukhala yopanda malire kuti kugonjera kwa kapolo kukhale kwathunthu. Chimene anasiyira mwini wa Lydia ndi ufulu wosumira Mann pa chuma chake chowonongeka. Ruffin analemba chigamulocho akudandaula kuti chikumupweteka mumtima, koma ofufuza anadzapeza kuti iye mwini anali ataikapo ndalama m'bizinesi yogula ndi kugulitsa akapolo, choncho kudandaulako ine sindikupatsa kulemera kwenikweni.

Umboni wochokera kwa wobwerekedwa mwini tili nawo kudzera mwa Frederick Douglass, amene anasindikiza mbiri ya moyo wake mu 1845. Ali mnyamata wa zaka pafupifupi 16 ku Maryland, mbuye wake Thomas Auld anamupereka kwa chaka chimodzi kwa Edward Covey, mlimi wosauka amene ankadziwika ndi nkhanza zothyola mtima wa akapolo osamvera. Mbiri yoipayo inali mpamba wa Covey, chifukwa eni akapolo ankamupatsa antchito motchipa kuti awabwezere atawafewetsa, ndipo Douglass ananena kuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba sipankatha sabata osakwapulidwa. Iye anafotokozanso kuti Covey anagula mayi mmodzi dzina lake Caroline n'cholinga choti azibereka, ndipo anabwereka mwamuna wokwatira kale kwa mzungu wina n'kumawatsekera pamodzi usiku. Pamenepo kugula ndi kubwereka zinagwira ntchito imodzi m'nyumba imodzi, ndipo palibe chikalata cha malonda chimene chikanatiuza zimenezi.

Palinso vuto limene mapepala salitchula konse, la banja. Wobwereketsedwa sankachoka kupita kutali ngati wogulitsidwa, izi n'zoona, koma ankasamutsidwa chaka chilichonse, mwamuna kwina, mkazi kwina, ana okulirapo aliyense kwake. Masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano kawirikawiri ndi amene banja lotere linkakumana lonse, ndipo ankatha anthu asakudziwa kumene aliyense akagone pa 2 Januwale. Pa tsiku lomwelo la 1 Januwale ngongole za chaka zinkalipidwa, ndipo amene analibe ndalama ankagulitsa munthu, motero bwalo limodzi linkachititsa malonda onse awiri m'mawa umodzi.

Maganizo akuti wobwerekedwa anali ndi mwayi sanangochokera m'mutu mwa anthu, ali ndi pogwira. M'mizinda ndi m'madoko akapolo ena aluso ankaloledwa kudzifunira okha ntchito, kudzipezera pogona ndi kupereka kwa mbuye ndalama yoikika pa sabata kapena pa mwezi, ngakhale kuti malamulo a madera ambiri ankaletsa zimenezi. Douglass yemweyo atatumizidwa ku Baltimore anaphunzira ntchito yomata mipata ya sitima zamatabwa kuti madzi asalowe, ndipo ankalandira dola imodzi ndi theka pa tsiku, zonse n'kukapereka kwa Hugh Auld, m'bale wake wa Thomas Auld, amene nthawi zina ankamubwezera masenti 6. Mu 1838 analoledwa kudzifunira yekha ntchito pa pangano loti azipereka madola 3 sabata iliyonse, ntchito ipezeke kapena isapezeke, n'kumadzigulira yekha chakudya, zovala ndi zipangizo. Mbuye anatula udindo wonse womusamalira osataya phindu, koma Douglass anapeza mpata wodziwana ndi anthu akuda aufulu ndi wosunga kangachepe, ndipo pa 3 Sepitembala chaka chomwecho anathawa. Robert Smalls, amene anatumizidwa kukagwira ntchito ku Charleston ali ndi zaka 12, anaphunzira kuyendetsa sitima padoko, ndipo mu Meyi 1862 anathawa ndi sitima ya Planter pamodzi ndi banja lake ndi anzake. Mzinda wa Charleston womwewo unkakakamiza akapolo ogwira ntchito kunja kwa nyumba ya mbuye kuvala baji yamkuwa, imene mwini ankaigula chaka chilichonse kuyambira mu 1800 mpaka 1865, ndipo pabajipo pankadindidwa chaka, nambala ndi mtundu wa ntchito, popanda dzina la woivala. Choncho mpata unalipo, ndipo ena anaugwiritsa ntchito mwanzeru mpaka kudziwombola, koma anali ochepa, amuna aluso a m'tauni makamaka, ndipo mpatawo unkatha tsiku limene mbuye wasintha maganizo.

Nkhani ya Henry Brown wa ku Richmond ikusonyeza mmene mpatawo unalili wosadalirika. Iye ankagwira ntchito m'fakitale ya fodya ndipo ankapeza ndalama zapadera akapyola muyeso wa ntchito ya tsiku. Ndi ndalamazo ankalipira mbuye wa mkazi wake Nancy kuti banjalo lizikhala pamodzi ndi kuti asamugulitse, koma mu 1848 Nancy, ali woyembekezera, anagulitsidwa pamodzi ndi ana awo atatu n'kupita nawo ku North Carolina. Chaka chotsatira Brown anadzitsekeretsa m'bokosi lamatabwa n'kutumizidwa ngati katundu mpaka ku Philadelphia.

Za kugulitsa, chiwerengero chachikulu n'chakuti pakati pa 1790 ndi 1860 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasamutsidwa mokakamizidwa kuchoka m'madera akale monga Virginia ndi Maryland kupita kumene kunkalimidwa thonje ndi nzimbe, monga Alabama, Mississippi ndi Louisiana. Malondawa anakula kwambiri dzikolo litaletsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja kuyambira pa 1 Januwale 1808. Kampani ya Isaac Franklin ndi John Armfield, imene inali ndi likulu ku Alexandria kuyambira mu 1828, inkasonkhanitsa anthu m'ndende yake n'kuwatumiza pa sitima ku New Orleans kapena kuwayendetsa pansi atamangidwa unyolo mpaka ku Natchez. Koma tikamangoyang'ana ogulitsa oterewa timaphonya gwero lalikulu la malondawa, lomwe linali imfa ndi ngongole za eni akapolo. Katswiri wa mbiri ya malamulo Thomas Russell atafufuza za ku South Carolina anapeza kuti pafupifupi theka la malonda onse a akapolo linkachitika molamulidwa ndi makhoti, pogawa chuma cha masiye kapena polanda katundu wa angongole. Kapolo ankaperekedwa ngati chikole potenga ngongole, ndipo ngongole ikakanika ankagulitsidwa pakhomo pa khoti, pamalo omwe aja ankabwereketsedwa.

Thomas Jefferson, amene anakhalapo pulezidenti wa United States, atamwalira mu 1826 anasiya ngongole yoposa madola 107,000, ndipo chilengezo cha malonda a kumunda kwake ku Monticello a mu Januwale 1827 chinatchula anthu 130 pamodzi ndi ziweto ndi mipando ya m'nyumba. Wosula zitsulo Joseph Fossett anali mmodzi mwa amuna asanu amene wilo ya Jefferson inawamasula, koma mkazi wake Edith ndi ana awo anagulitsidwa, ndipo iye anatha zaka zambiri akuyesetsa kuwawombola. Mu 1838 ansembe a chipani cha Jesuit ku Maryland anagulitsa anthu 272 pa madola 115,000 kwa Henry Johnson ndi Jesse Batey a ku Louisiana, ndipo zina mwa ndalamazo zinathandiza kulipira ngongole za koleji ya Georgetown. Ogulawo anagwirizana zolipira pang'onopang'ono, chikole chake n'kukhala anthu ogulidwa omwewo, ndipo n'chifukwa chake mayina awo analembedwa mobwerezabwereza m'mapepala a ngongole, zimene zathandiza zidzukulu zawo kudziwika masiku ano. Pa 2 ndi 3 Malichi 1859, pabwalo la mpikisano wa mahatchi pafupi ndi Savannah ku Georgia, anthu oposa 400 a m'minda ya mpunga ndi thonje ya Pierce Butler anagulitsidwa pa madola oposa 300,000 kuti alipire ngongole zake, ndipo kabuku ka malondawo kanapatsa munthu aliyense nambala, zaka ndi ntchito imene amadziwa.

Chikalata chogulitsira munthu chimakhala chachifupi kuposa chobwereketsera. Chimatchula wogulitsa, wogula, mtengo, dzina limodzi la wogulitsidwa ndi zaka zake zongoyerekeza, kenako chitsimikizo chakuti ndi wathanzi m'thupi ndi m'maganizo komanso kuti ndi kapolo moyo wake wonse. Muziwerenga mawu amenewa mosamala, chifukwa wolemba anali ndi chifukwa chonamira. Ogulitsa ankachepetsa zaka za achikulire, kuwonjezera za ana, ndi kubisa matenda, ndipo ku Louisiana, kumene malamulo ankalola wogula kubweza kapolo wopezeka ndi chilema chobisika, milandu ya ogula odandaula ndiyo imaulula mabodzawo. Ngakhale mapepala a boma ankanamizidwa. Lamulo loletsa kuitanitsa akapolo linkafuna kuti sitima zonyamula akapolo pakati pa madoko a dzikolo zizikhala ndi mndandanda wa mayina, zaka, msinkhu ndi khungu la aliyense, koma Solomon Northup, munthu waufulu wa ku New York amene anagwidwa ndi akuba anthu ku Washington mu 1841, analembedwa pa mndandanda wa sitima ya Orleans ndi dzina lakuti Plat Hamilton, ndipo anakhala mu ukapolo ku Louisiana zaka 12.

Umboni wina woti kubwereketsa ndi kugulitsa zinali zolukana uli m'mapepala a mu 1862, pamene ukapolo unathetsedwa mumzinda wa Washington pa 16 Epulo ndipo boma linalonjeza kulipira eni akapolo ndalama zosapitirira madola 300 pa munthu aliyense tikagawa mofanana. Eni akapolo analemba makalata ofotokoza munthu aliyense, ndipo pofuna kutsimikiza kuti ndi wamtengo wapatali ambiri ankatchula ndalama zimene ankawabweretsera pa mwezi akamubwereketsa. Komiti yoona za malipirowo inaitana Bernard Campbell, wogulitsa akapolo wa ku Baltimore, kuti aziika mitengo. Anthu pafupifupi 3,100 anamasulidwa mwanjira imeneyi, ndipo chipukutamisozi chinapita kwa eni akapolo.

Kuno kwathu zinthu zinali zosiyana, makamaka pa nkhani ya zolemba. Ukapolo wa m'midzi komanso kupereka munthu ngati chikole pa mlandu kapena pa ngongole zinaliko, koma zinkachitika pakamwa pamaso pa mboni, ndipo zambiri zimene tikudziwa n'zochokera m'mbiri yosimbidwa ndi akuluakulu komanso m'makalata a amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Anthu amene ankaoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe n'kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa, ena ankakathera ku Zanzibar, kumene msika wa akapolo unatsekedwa mu 1873 ndipo ukapolo unachotsedwa m'malamulo mu 1897. Kugombe kumeneko ndiye kunali mchitidwe wofanana ndi umene mwafunsa, chifukwa akapolo a m'tauni ankagwira ntchito za tsiku ndi tsiku monga kunyamula katundu padoko ndi kumanga nyumba, ena n'kumanyamula katundu pa maulendo a amalonda olowa kumtunda, ndipo gawo la malipiro awo linkapita kwa ambuye awo. Amene anatengedwa kudzera ku Quelimane kupita ku Brazil anapezanso zomwezo m'mizinda monga Rio de Janeiro, kumene akapolo ambiri ankagulitsa malonda m'misewu kapena kunyamula katundu n'kumapereka ndalama yoikika kwa mwini.

Ngati mukufuna kuti chikalata mwapezacho chikuthandizeni m'kalasi, musayambe ndi dzina la kapoloyo, chifukwa dzina limodzi lopanda la bambo silingakufikitseni patali. Kalembera wa ku United States wa 1850 ndi wa 1860 analemba akapolo pa mapepala apadera pansi pa dzina la mwini, n'kungotchula zaka, khungu ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, moti anthu pafupifupi 4 miliyoni a mu 1860 anawerengedwa popanda mayina. Yambani ndi dzina la wolandira ndalama ndi boma limene chikalatacho chinalembedwa. Ngati wolandirayo akutchedwa woyang'anira ana kapena woyendetsa chuma cha womwalira, ndiye kuti khoti la deralo linkalandira lipoti lake chaka ndi chaka, ndipo m'malipoti amenewo munthu yemweyo amaonekera mobwereza, pamodzi ndi amene anamubwereka, mtengo wake, ndalama za dokotala, za mzamba mwana akabadwa, ndi za bokosi wina akamwalira. Dzina likasowa pa mndandanda wa chaka chotsatira popanda ndalama za maliro, funani m'mapepala ogawa chuma kapena ogulitsa katundu wa banja lomwelo, komanso m'zilengezo za m'nyuzipepala zofunafuna othawa. Amene anakhalapo mpaka ukapolo utatha mu 1865 amapezeka ndi mayina athunthu m'kalembera wa 1870, koma ambiri sanatenge dzina la mbuye wawo womaliza, choncho pomulondola munthu m'kalembera ameneyu muzidalira zaka zake, dera limene ankakhala ndi mayina a anthu amene analembedwa naye m'nyumba imodzi.